Khutu Likatseka, Musalitokose

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero mu pulogalamu yathu ya zaumoyo tikambirana za chiwalo chimene mukundimvera nacho panopa, ndicho khutu. Tiona chimene chimachititsa kuti khutu litseke, chimene phula la m'khutu limagwira, ndi thandizo limene munthu amalandira akapita nalo kuchipatala.

Ndiyambe ndi nkhani ya kwathu.

Bambo anga atapitirira zaka 70 anayamba kusintha. Wailesi ankaikweza mpaka a nyumba yachitatu ankamvera nawo nkhani. Mayi akawaitana kuti nsima yapsa, iwo ankangokhala chete pansi pa mtengo wa mango. Kubwalo la amfumu, kumene kale ankafunsidwa nzeru pa milandu ya malire a minda, anasiya kupitako, poopa kuyankha za kumadzulo atafunsidwa za kum'mawa. Adzukulu anayamba kuwazemba chifukwa kucheza nawo kunali kofuula. Tonse pabanja tinangogwirizana kuti ndi ukalamba, palibe chochita. Chimene sitinachiganizire ndi kamtengo ka machesi kamene sikankasowa m'thumba la malaya awo. Akangodya nsima, kamtengo m'khutu. Akamamvera wailesi, kamtengo m'khutu.

Panatha pafupifupi chaka zinthu zili choncho. Tsiku lina mchemwali wanga anawaperekeza kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Dokotala ataona kuti funso lililonse akulibwereza katatu, anatenga kachipangizo kokhala ndi katochi, nkusuzumira m'khutu la kumanja, kenako la kumanzere. Atatero anawayandikira nkunena mokweza kuti, "Bambo, makutu anuwa onse awiri atsekeka ndi phula. Mwakhala mukulowetsamo chiyani?"

Mmene nkhaniyi inathera ndikuuzani kumapeto. Poyamba tiyeni timvetse phula limeneli.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ambirife tinakula tikuuzidwa kuti phula la m'khutu, limene ena amati chikonga cha m'khutu, ndi litsiro, ndipo mwana wokhala nalo ndi wauve. Zoona zake si zimenezo. Phula limapangidwa ndi thupi lenilenilo, ndipo lili ndi ntchito.

Khutu limene timaliona kunjali ndi khomo chabe. Kuchokera pakhomopo pali kanjira kolowa m'kati, kotalika pafupifupi masentimita awiri ndi theka kwa munthu wamkulu, ndipo m'mimba mwake ndi mongokwana pensulo. Kumapeto kwa kanjirako kuli mwinikhutu, kachikopa kopyapyala ngati khoko la anyezi, kokungika ngati chikopa cha ng'oma. Mawu akalowa, kachikopaka kamanjenjemera nkugwedeza timafupa titatu tili kuseri kwake. Kamodzi mwa timafupa timeneti ndiko kafupa kakang'ono kwambiri m'thupi lonse la munthu, kosafika ngakhale kambewu ka mpunga. Timafupato timapereka mawu kukatikati kwa khutu, ndipo kuchokera kumeneko mtsempha umawafikitsa ku ubongo.

Malo osalimba chotere amafunika mlonda, ndipo mlondayo ndi phula. Pakhungu la chakukhomo kwa kanjira kaja pali tinthu ting'onoting'ono totulutsa mafuta, tofanana ndi timene timatulutsa thukuta. Mafutawo akasakanikirana ndi khungu lofundukuka, ndiye phula limenelo. Limakola fumbi la mwezi wa Okutobala, ufa wouluka wa kuchigayo, ndi tizilombo tofuna kulowa. Limadzoza khungu la m'khutu kuti lisaume ndi kusweka. Limaletsa madzi kukhazikika pakhungu, ndiponso lili ndi kuwawasa kumene majeremusi ndi nkhungu sizikondwera nako. Khutu lopanda phula ndi limene limayabwa ndi kudwala kawirikawiri.

Mtundu wa phula nawonso si chizindikiro cha uve. Ife a kuno ku Africa, pamodzi ndi anthu ambiri a ku Ulaya, phula lathu ndi lonyowa, lomata, lachikasu kapena lofiirira. Anthu ambiri a ku China, Korea ndi Japan lawo ndi louma, lotuwa, lofumbutuka. M'chaka cha 2006 akatswiri a ku Japan anaonetsa kuti kusiyanaku ndi kwa kumtundu, munthu amachita kubadwa nako. Phula likakhalitsa m'khutu limada, koma kudako sikutanthauza matenda.

Tsono chodabwitsa kwambiri ndi ichi: khutu limadzisesa lokha. Khungu la m'kanjira kaja silikhala malo amodzi. Limakula kuchokera pa mwinikhutu nkumasendera chakunja pang'onopang'ono, pa liwiro longa la kakulidwe ka chikhadabo, litasenza phula ndi fumbi lonse. Mukamatafuna chimanga chokazinga kapena nzimbe, mukamayankhula, mukamayasamula, nsagwada imagwedeza kanjirako ndi kuthandiza phula kufika pakhomo. Likafika pamenepo limauma nkugwa lokha, kapena limachoka posamba. Anthu ambiri atha kukhala moyo wawo wonse osafunika kuchotsedwa phula.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Mwina wina akufunsa kuti, nanga ngati khutu limadzisesa, limatsekeka bwanji?

Ena amabadwa ndi kanjira kopanikizika kapena kokhota kwambiri. Ena thupi lawo limapanga phula lambiri. Munthu akamakalamba phula limauma nkulimba, ndipo kwa abambo ubweya wa m'khutu umakhuthala nkumalikola. Ovala makina othandiza kumva, ndi achinyamata amene timahedifoni sitichoka m'makutu mwawo kuyambira m'mawa mpaka usiku, amatseka khomo limene phula likanatulukira. Koma chifukwa chimene chili m'manja mwathu, chimene tingachisiye lero lomwe, ndi kutokosa.

Tinene zoona, timalowetsamo zambiri. Kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku, kaudzu, chotsekera cha cholembera, kiyi wa njinga yamoto, chipini cha m'tsitsi, ngakhale msomali. Amene ali ndi kangachepe amagula timitengo ta thonje kusitolo, poganiza kuti ndiyo njira yaukhondo. Timitengo ta thonje timeneti tinayamba kupangidwa ku America m'chaka cha 1923 ndi munthu wina dzina lake Leo Gerstenzang, ndipo lero pa mapaketi ambiri opangawo amalemba chenjezo lakuti tisalowetsedwe m'kati mwa khutu.

Taganizani mmene timatsenderera thonje kapena fodya m'thumba. Kanjira ka m'khutu ndi kopapatiza, kotsekeka kumapeto. Mukalowetsa kamtengo, kaphula kochepa kamamatirira kunsonga, inu nkukondwa kuti mwachotsa. Koma lochuluka mwalikankhira m'kati, kumene thupi silipangako phula ndipo silitha kulitulutsa msanga. Mawa mukankhanso, mkuja mukankhanso, mpaka phula lija liumbika ngati chitsekerero cha botolo. Kuwonjezera apo, kamtengo kamakanda khungu lofewa la m'kati. Pokandikapo pamayabwa, kuyabwako kumaitana kamtengo, ndipo majeremusi amapeza polowera. Choopsa koposa ndi pamene mwana akugundani chigongono kamtengo kali m'khutu, kapena galimoto yagunda pa bampu. Mwinikhutu amabooka kamodzi nkamodzi. Nthawi zambiri bowolo limapola lokha pakatha masabata angapo ngati khutu likusungidwa louma, koma ena limawatsalira, ndipo ena timafupa tija timasokonekera.

Vuto la phula lotseka khutu ndi lofala. Madokotala a makutu a ku America amati limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana 10 alionse, mwa munthu wamkulu mmodzi pa 20 alionse, ndi mwa okalamba oposa mmodzi pa atatu alionse.

Munthu wotsekeka khutu ndi phula amamva mawu ngati akuchokera kuseri kwa khoma. M'khutu mumalemera ngati mwatsala madzi. Ena amamva kulira kosalekeza ngati nyenje, ena kuyabwa, ena kupweteka pang'ono kapena chizungulire. Ena amatsokomola, chifukwa mtsempha wina wa m'kanjira ka khutu ndi nthambi ya mtsempha wopita kummero. Ambiri amati khutu linatseka atangosamba kapena atasambira kunyanja. Chimachitika ndi chakuti phula linalimo kale, litasiya kampata kochepa kopitira mawu, ndiye madzi atalowa linafufuma nkutseka kampata komalizako.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Omvera athu, apa tcherani khutu bwino, chifukwa ndipo pagona nkhani. Khutu likatseka sikuti nthawi zonse ndi phula. Munthu sangathe kudzisuzumira m'khutu, ndipo zizindikiro za matenda osiyanasiyana zimafanana.

Amene munatsikapo mapiri a ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kapena msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, mukudziwa mmene makutu amatsekera galimoto ikamatsika. Mukameza malovu kapena kuyasamula amatseguka. Kumeneko ndi kusintha kwa mphamvu ya mpweya. Pali kanjira kena kochokera kuseri kwa mwinikhutu kukafika kuseri kwa mphuno, kamene kamalowetsa mpweya. Chimfine chikatupitsa kanjira kameneka, khutu limatseka masiku angapo, ndipo nthawi zina kuseri kwa mwinikhutu kumadzaza madzi, makamaka kwa ana. Pamenepo ngakhale mutatokosa chotani simungafikeko.

Khutu lotuluka mafinya ndi nkhani inanso. Mafinya si phula losungunuka. Kawirikawiri amasonyeza kuti mwinikhutu ndi wobooka ndipo kuseri kwake kuli matenda. Khutu lotere likathiridwa madzi, mafuta, parafini, mkaka wa m'mawere kapena madzi a masamba ofinya, zonsezo zimadutsa pabowo nkukafika kumene kuli timafupa tija. Ana ambiri amene lero samva bwino anayamba ndi khutu la mafinya limene linachedwa kulandira mankhwala oyenera.

Ana aang'ono amalowetsanso nyemba, njere ya chimanga kapena mkanda m'khutu akamasewera. Nyemba ndi chimanga musazithire madzi, zimafufuma nkukanirira. Musayese kuzikowa ndi chipini, mungozikankhira m'kati. Ngati ndi kabatire kakang'ono ka wotchi, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo musathiremo kanthu kalikonse, chifukwa kamatentha mnofu m'maola ochepa. Mphemvu kapena kachilombo kena kakalowa usiku, munthu amavutika kwambiri ndi phokoso ndi ululu. Ngati khutulo silinatulukepo mafinya kapena kubooka, madontho a mafuta ophikira oyera, osatenthetsa, amakapha kuti kaleke kupalapala. Kukacha pitani akakachotse.

Koma pali vuto limodzi limene ndikufuna mulisunge mumtima. Nthawi zina munthu amangodzuka m'mawa khutu limodzi lagontha, kapena limagontha m'kati mwa masiku awiri kapena atatu, popanda ululu, mwina ndi kulira m'khutu ndi chizungulire. Amati ndi phula, ndidikire lituluka. Chonsecho chavulala ndi khutu la m'katikati kapena mtsempha wake. Vuto limeneli lili ndi mankhwala, koma amathandiza akaperekedwa msanga, makamaka m'masabata awiri oyamba. Akachedwa, kumva kumatha kupitiratu.

Tiyeni tiyese kanthu kena limodzi. Amene mukuyendetsa galimoto kapena njinga mudzayese mukafika. Enanu, tsekani khutu limodzi ndi chala, pakhomo pokha, ndipo mutseke pakamwa nkung'ung'udza kuti mmmm.

(KACHETECHETE PANG'ONO)

WOULUTSA: Mwamva kuti mawu anu akumveka kwambiri m'khutu lotsekalo? Ndi mmene zimakhalira khutu likatsekeka ndi phula kapena madzi: mawu anu amayenda m'mafupa a mutu nkumveka mokweza mbali yotsekekayo. Tsono ngati tsiku lina khutu lagontha mwadzidzidzi, ndipo mukang'ung'udza mawu akumveka mbali yabwinoyo, musagone nalo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene momveka kuti khutu lagontha mwadzidzidzi. Kayesedwe kameneka sikalowa m'malo mwa dokotala, koma kangakudzutseni pa nthawi yake.

Musachedwenso ngati khutu likupweteka kwambiri, likutuluka magazi kapena mafinya, ngati kuseri kwa khutu kwatupa, ngati thupi latentha, kapena ngati mbali imodzi ya nkhope yalefuka. Ndipo amene mukulandira mankhwala monga kwinini kapena jakisoni wa gentamicin, m'makutu mukayamba kulira kapena kumva kukachepa, auzeni adokotala msanga. Musasiye mankhwala panokha.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano tifike kuchipatala. Ambiri amaopa, poganiza kuti akalowetsedwa zitsulo kapena kuchitidwa opaleshoni. Ndikufotokozereni mmene zimayendera kuti mantha achoke.

Choyamba ndi mafunso, ndipo mayankho anu ndi amene amasankha njira. Nenani ngati khutulo linatulukapo mafinya, ngakhale muli mwana. Nenani ngati munauzidwapo kuti mwinikhutu ndi wobooka, kapena munachitidwapo opaleshoni ya khutu. Nenani ngati khutu linalo linagontha kale ndipo mumadalira lokhali. Ngati muli ndi matenda a shuga, kapena chitetezo cha m'thupi mwanu ndi chotsika, nenaninso, chifukwa kabala kakang'ono ka m'khutu kamatha kukula mwa anthu otere. Ndipo musachite manyazi kuulula zimene munalowetsamo kapena kuthiramo. Adokotala safunsa kuti akudzudzuleni. Akufuna adziwe chimene akakumane nacho. Tengani ndi kabuku kanu ka kuchipatala.

Chachiwiri ndi kuunika. Amakoka khutu pang'ono chakumwamba ndi chakumbuyo kuti kanjira kawongoke, nkusuzumira ndi kachipangizo ka tochi kaja. Sizipweteka, ndipo sizitha ngakhale mphindi ziwiri. Pamenepo ndi pamene zimadziwika ngati ndi phula, mafinya, kachilombo kapena china. Akapeza phula lochepa limene silikutseka njira ndipo silikukuvutani, amalisiya, chifukwa lili pantchito yake.

Ngati phula latseka ndipo ndi lolimba, kawirikawiri salichotsa tsiku lomwelo. Amayamba alifewetsa. Amakupatsani kapena kukulemberani mankhwala odonthezera m'khutu, monga a sodium bicarbonate kapena mafuta a maolivi. Kathiridwe kake ndi aka: gonani chammbali khutu lodwalalo lili kumwamba, wina akudonthezereni madontho awiri kapena atatu, ndipo mukhale chigonere mphindi zisanu mpaka khumi kuti mankhwala alowerere. Botolo likhale lofunda ngati thupi, mungolifumbata m'manja kanthawi, osaliika pamoto. Musatseke khutu ndi thonje mukangothira, chifukwa thonje limamwa mankhwalawo. Mumachita zimenezi kangapo patsiku kwa masiku atatu mpaka asanu, kapena monga akuuzirani. Masiku oyamba khutu limatha kutsekeratu chifukwa phula likufufuma. Musataye mtima, ndi chizindikiro chakuti likufewa. Koma mankhwala akayamba kuwawa kwambiri kapena kuotcha, lekani ndipo mubwerere kuchipatala. Kwa ena, madontho okhawa amakwanira, phula limatuluka lokha.

Likapanda kutuluka, pali njira zitatu. Yofala ndi kutsuka khutu. Mumakhala pampando, kambale kali pansi pa khutu, ndipo amapopera madzi oyera ndi sirinji yopanda singano. Madziwo salunjikitsidwa pa mwinikhutu. Amawalozetsa kukhoma la kanjira kuti adutse kuseri kwa phula nkulikankhira kunja. Ayenera kukhala ofunda ngati thupi la munthu, madigiri 37, chifukwa m'katikati mwa khutu ndi mmene muli chiwalo chotithandiza kuima osagwa, ndipo madzi ozizira kapena otentha amachisokoneza, munthu nkuona nyumba ikuzungulira. Mudzamva phokoso la madzi ndi kukankha pang'ono, koma simuyenera kumva ululu. Mukamva kupweteka, chizungulire, kapena madzi akutsikira kummero, nenani nthawi yomweyo kuti aleke. Khutu lobooka kapena lochitidwa opaleshoni silitsukidwa ndi madzi, nchifukwa chake mafunso aja ndi ofunika.

Njira yachiwiri ndi kukowa phula ndi kachitsulo kopangidwira ntchito imeneyi. Wina anganene kuti, si kutokosa komweko? Kusiyana kwake ndi kwakuti wochotsayo akuona chimene akuchita, ali ndi nyali, ndipo anaphunzira pamene mwinikhutu ali. Inu ndi kamtengo kanu mumagwira ntchito mumdima. Njira yachitatu, yopezeka m'zipatala zokhala ndi akatswiri a makutu, ndi kuyamwa phula ndi kamakina, dokotala akuyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu. Kamakinako kamasokosa, koma sikagwiritsa ntchito madzi, choncho ndi koyenera ngakhale kwa amene mwinikhutu wawo ndi wobooka.

Akamaliza amaunikanso kuti aone ngati mwinikhutu ali bwino. Kwa masiku angapo musalole madzi kulowa m'khutulo, popeza mlonda uja wachotsedwa ndipo thupi likupanga wina. Ngati phula lachoka koma simukumvabe bwino, pemphani kuti akuyezeni kumva. Mwina kuseri kwa phula kunabisala vuto lina lofunika makina othandiza kumva kapena thandizo lina.

Ndichenjezepo za makandulo a m'khutu amene ena amatsatsa pa intaneti, akuti ukayatsa amakoka phula. Akatswiri anawayeza ndipo sakoka kanthu. Chimene amasiya ndi mabala a moto ndi phula la kandulo lodonthera m'khutu.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: M'chinenero chathu, mawu akuti "wosamva" ali ndi matanthauzo awiri. Mwana amene makutu ake ali ndi vuto ndi wosamva, ndipo mwana wamwano nayenso timati wosamva. Ndi ana angati amene alandira chikwapu cha tanthauzo lachiwiri, vuto lawo lili loyambalo? M'kalasi ya ana ochuluka, mwana wotsekeka makutu amene wakhala kumbuyo amangoona milomo ya aphunzitsi ikugwedezeka. Amalemba zolakwika, amabwereza kalasi, anzake nkumamuseka, iye nkukhulupirira kuti alibe nzeru. Aphunzitsi ndi makolo, mwana akamati "mwati bwanji?" kawirikawiri, akamatembenuza khutu limodzi pomvetsera, akamachedwa kuyankhula, kapena akamangoyankha pokhapokha akukuonani nkhope, kamuunikitseni makutu musanamuweruze. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi 60 pa 100 ya mavuto a kumva mwa ana ndi opeweka.

Chimodzimodzi agogo athu. M'chaka cha 2018 ku Ntcheu kunachitika kafukufuku pakati pa anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo, ndipo anapeza kuti oposa mmodzi pa atatu alionse anali ndi vuto la kumva. Ambiri linali la ukalamba ndithu, koma ena linali lochizika, kuphatikizapo phula. Simungadziwe kuti agogo anu ali mbali iti mpaka wina atawaunika. Munthu wosamva bwino amadzipatula, amasowa wocheza naye, ndipo ena amayamba kumunena kuti mutu wasokonekera.

Thandizo lilipo m'dziko muno. Poyambira ndi chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena cha boma lanu, ndipo akaona kuti vuto ndi lalikulu amakutumizani kwa akatswiri. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loona za khutu, mphuno ndi mmero, komanso malo oyezera kumva. Ku Lilongwe, kuwonjezera pa chipatala cha Kamuzu Central, kuli ABC Hearing Clinic pa African Bible College. Pulofesa Wakisa Mulwafu, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maopaleshoni a khutu, mphuno ndi mmero, anatsogolera ntchito yophunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi ku Thyolo kuti azitha kuzindikira mavuto a makutu ndi kutumiza odwala kuchipatala, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 2017. Choncho mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu ndi munthu woyenera kumufunsa kumene mungapite. Chaka chilichonse pa 3 Marichi dziko lonse limakumbukira tsiku la kumva, koma khutu lanu lisadikire tsiku limenelo.

Nanga kunyumba tizisamala bwanji makutu? Posamba, pukutani kunja kwa khutu ndi kuseri kwake ndi kansalu koyera kokulunga pachala. Pamene chala chalekezera, inunso lekezerani pomwepo. Madzi akalowa, pendeketsani mutu kuti atuluke okha. Timahedifoni muzitipukuta ndi kutivula nthawi zina kuti makutu apume. Amayi osambitsa makanda, phula limene mukuliona pakhomo pukutani, la m'kati lisiyeni. Amene phula limakuvutani chaka ndi chaka, funsani adokotala ngati mungamadonthezeko mafuta nthawi ndi nthawi kuti lisalimbe.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ndinalonjeza kuti ndimaliza nkhani ya bambo anga.

Anapatsidwa mankhwala odonthezera, ndipo mayi ankawathira m'mawa, masana ndi madzulo. Tsiku lachiwiri anadandaula kuti tsopano agontheratu, koma mchemwali wanga anawakumbutsa kuti adokotala ananeneratu zimenezo. Patatha sabata anabwerera. Atawatsuka khutu loyamba, m'kambale munagwera chiphula chakuda cholimba ngati njere ya bwemba, pamodzi ndi kachidutswa ka mtengo wa machesi. Atatsuka lachiwiri, namwino anawafunsa chapansipansi kuti, "Agogo, mukundimva?" Iwo anayankha kuti, "Mwanawe, ndikumva ngakhale madzi akudontha pampopi apo."

Kumva kwawo sikunabwerere kukhala kwa mnyamata, popeza zaka nazo zinali zitatengako gawo lake. Koma madzulo a tsiku limenelo anatsitsa wailesi ndi dzanja lawo, ndipo mayi atawaitana ali kukhitchini, anayankha ulendo woyamba. Mwezi wotsatira anabwerera kubwalo la amfumu. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chaka chija chimene anakhala okha pansi pa mtengo wa mango, ife ana awo tikuti ndi ukalamba, pamene chofunika chinali kuti wina awaunike m'khutu kwa mphindi ziwiri.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife sitinafunse. Inu amene mwamva pulogalamuyi, mwina pakhomo panu pali agogo amene asiya kucheza, kapena mwana amene mumamutcha wosamva, kapena mwina ndi inu nomwe amene mwakweza wailesiyi kuti mundimve. Tulutsani kamtengo kaja m'thumba, ndipo sabata ino mupite kuti akakuunikeni. Mukauzenso anzanu amene sanamve, popeza wakutsina khutu ndi mnansi.



(NYIMBO YOTSEKERA)